Ulusi wa silika sapota: mmene amayi a ku China ankaupangira m'nthawi ya mafumu

Funso: Ndine telala, ndimasoka zovala za ukwati ku Zomba. Ndinaona chithunzi chakale cha ku China, mayi atakhala pambali pa mphika wowira, ulusi ukutuluka mumphikamo kupita pa gudumu. Agogo anga ankandiuza za kupota thonje, koma izi zandizunguza mutu. Ulusi ungatuluke bwanji m'madzi? Nanga n'chifukwa chiyani pa zithunzi zoterezi pamakhala amayi okhaokha? Kodi nsalu zake ankavala iwo omwe?

Yankho: Mayi, maso anu sanakunamizeni, ulusiwo ukutulukadi mumphika. Koma chimene mayi wa pachithunzicho akuchita si kupota. Thonje limene agogo anu ankanena lili ndi tiubweya tatifupi, ta masentimita awiri kapena atatu, ndipo kuti pakhale ulusi pamafunika munthu wotipiringiza kuti tigwirane. Silika ndi wina. Ulusi wake umakhala utapangidwa kale ndi mbozi, wautali mamita mazanamazana osaduka, utakulungidwa n'kukhala chikwa. Ntchito ya munthu ndi kupeza nsonga yake n'kuumasula osaudula. Madzi otentha aja ndi ofewetsera ulimbo umene mboziyo inamatira chikwa chake.

Mphika uja ndi kumapeto kwa ntchito ya mwezi ndi theka, ndiye tiyambe kumene inkayambira.

Mbozi yake akatswiri amaitchula Bombyx mori. Imadya masamba a mtengo wa mabulosi, ndipo anthu aiweta kwa nthawi yaitali kwambiri moti gulugufe wake sathanso kuuluka, sangakhalenso yekha kutchire. Gulugufe mmodzi amaikira mazira 300 mpaka 500, aang'ono kwambiri, ndipo amayi ankamuikiritsa papepala kapena pansalu kuti mazirawo amatirire pomwepo. Pepalalo ankalisunga nyengo yonse yozizira. M'madera ena ankaliviika m'madzi a mchere kapena kulisiya panja pa chisanu, kuti mazira ofooka afere pomwepo, asadzawononge masamba pachabe. Mabulosi akayamba kuphuka, cha m'mwezi wa Epulo kumadera a mtsinje wa Yangtze, mayi ankatenga pepala lija n'kulifunditsa, nthawi zambiri m'zovala zake pachifuwa, usiku n'kugona nalo. Apa panafunika kuwerengera bwino. Mazira akaswa masamba asanatuluke, timbozi tifa ndi njala. Akachedwa, masamba akhala atakhwima, timbozi tatikhanda sitingawathe.

Timbozi tongoswa kumene n'takuda, tating'ono, ndipo Atchaina ankangotitchula kuti nyerere. Sankatigwira ndi zala, ankatisesa ndi nthenga kutigwetsera m'malichero a nsungwi, n'kutidulira masamba tizidutswa tosalala. Masambawo anayenera kukhala atsopano koma ouma, opanda mame kapena madzi a mvula, chifukwa masamba onyowa amadwalitsa mbozi. Tsiku la mvula, banja lonse linkakhala pa ntchito yopukuta ndi kuyanika masamba m'nyumba.

Mbozi imafundula kanayi isanakhwime. Ikatsala pang'ono kufundula imasiya kudya, n'kungoti duu mutu uli m'mwamba, ndipo alimi ankati yagona. Vuto la mlimi linali kuti mbozi zonse za m'lichero limodzi zigone ndi kudzuka limodzi, chifukwa zikasiyana, kudyetsa kumasokonekera. Ikadzuka kachinayi m'pamene pamakhala ntchito yakalavulagaga. Kwa sabata yathunthu mbozi zimadya usana ndi usiku, ndipo masamba ochuluka a nyengo yonse amathera pa sabata imeneyi. Munthu akalowa m'chipindamo amamva phokoso la kudya kwake. M'masiku osakwana 30, mbozi imachulukitsa kulemera kwake pafupifupi ka 10,000. Amayi ankadzuka kangapo usiku uliwonse kuthira masamba, kuchotsa ndowe ndi zotsalira, ndi kugawa mbozi m'malichero atsopano zikapanikizana. Abambo ndi ana ankathandiza kuthyola ndi kunyamula masamba, koma m'chipinda mwenimwenimo ankalamula ndi mayi.

Mabuku akale a zaulimi amamutchula kuti mayi wa mbozi, ndipo amapereka langizo limene ine limandisangalatsa kuposa onse. Amati mayiyu azivala chovala chopyapyala chimodzi chokha akakhala m'chipindamo. Akamva kuzizidwa, ndiye kuti mbozi nazonso zazizidwa, awonjezere makala. Akamva kutentha, achepetse moto. Thupi lake ndilo linali choyezera kutentha.

Mwezi umenewu unali ndi zoletsa zambiri. Kumadera a Huzhou ndi Jiaxing, m'chigawo cha Zhejiang, ankamata pepala lofiira pachitseko, ndipo aliyense ankadziwa kuti pakhomopo salandira alendo, ngakhale achibale. Utsi, fungo la nsomba yokazinga, fungo la mowa, phokoso la kusinja pafupi, munthu wochokera kumaliro, zonsezi sizinkaloledwa. Zina mwa izi zinali zikhulupiriro chabe, koma musazipeputse zonse. Mbozi zimenezi zimagwidwa matenda opatsirana amene angathe kupululutsa chipinda chonse m'masiku ochepa, ndipo kutseka chitseko kunali njira yeniyeni yotetezera, ngakhale eni ake sankadziwa za tizilombo toyambitsa matenda. Makoswe nawo anali adani aakulu, choncho amphaka ankalemekezeka, mpaka anthu ankaumba amphaka adothi kapena kujambula a papepala n'kuwaika m'chipindamo.

Mbozi ikakhwima imasiya kudya, thupi lake limayamba kuonekera mkati, ndipo imapukusa mutu kufunafuna pokwera. Amayi ankaisamutsira pa timitolo ta mapesi a mpunga. Pamenepo imalavula ulusi kuchokera pakamwa, ikuzunguza mutu, kwa masiku awiri kapena atatu mpaka itadzitsekera mkati. Ulusiwo kwenikweni ndi timizere tiwiri tomatidwa pamodzi ndi ulimbo wotchedwa sericin, ndipo ulimbowu umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa ulusi wonse. Utali wake umasiyana malinga ndi mtundu wa mbozi, kuyambira mamita 300 mpaka 900 kapena kuposa.

Tsopano tafika pofunika. Chikwa chikatha, mlimi amakhala ndi masiku khumi kapena kupitirira pang'ono. Akadutsa pamenepo, gulugufe amakhwima mkati, amalavula madzi ofewetsa chikwa, n'kuboola potulukira. Chikwa chobooka sichimasulikanso kukhala ulusi umodzi wautali. Ndiye pomwe mayi watopa kale ndi mwezi wosagona, m'pomwe amayamba mpikisano wina. Zikwa zaziwisi ndizo zinkatulutsa ulusi wowala bwino, choncho mabanja ankayesetsa kumasula zonse m'masiku ochepawo, kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Zikachuluka kuposa manja, ankapha kachilombo ka mkatimo kuti zikwa zidikire: kuyanika padzuwa lamphamvu, kufukiza ndi nthunzi, kapena kusanja mumtsuko, zikwa pansi mchere pamwamba, n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Njira ya mcherewu inalembedwa kale m'buku la zaulimi la Jia Sixie la m'zaka za m'ma 500. Zikwa zochepa zabwino kwambiri ankazipatula kuti agulugufe atuluke, akwerane, aikire mazira a chaka chamawa.

Asanayatse moto ankasankha. Zikwa zothimbirira, zopyapyala, zobooka, ndi zija zimene mbozi ziwiri zalukira pamodzi ankaziika padera. Zabwino zija ankachotsa kaubweya ka pamwamba, n'kuponya zodzaza dzanja m'madzi otentha. Mayi ankavundula ndi timitengo kapena kaburashi mpaka nsonga za ulusi zitakola. Ankakoka, n'kuchotsa zoyamba zopiringizika, mpaka chikwa chilichonse chitayamba kutulutsa mzere umodzi woyera, chikuvinavina pamwamba pa madzi.

Mzere wa chikwa chimodzi ndi wopyapyala kuposa tsitsi, sungalukidwe wokha. Choncho mayi ankaphatikiza mizere ya zikwa zingapo, zisanu kapena kuposera pang'ono ngati akufuna ulusi wosalala, khumi ndi kupitirira ngati akufuna wokhuthala. Mizereyo ankaidutsitsa pa kabowo kamodzi, poyamba kanali kabowo ka pakati pa ndalama yachitsulo ya ku China, kenako pa kagudumu kansungwi, kenako pa kandodo koyenda uku ndi uku, mpaka pa chimango chachikulu chozungulira chokulungira ulusi. Ulimbo wofewa uja ndiwo unkagwirizanitsa mizereyo kukhala ulusi umodzi, popanda kupota. Kandodo koyendayenda kaja n'kofunika kwambiri: kamayala ulusi mopingasa pachimango, kuti wonyowa usagone pa unzake n'kumatana. Chimangocho poyamba ankachizunguza ndi dzanja, munthu wachiwiri ataima pambali. Pofika nthawi ya mafumu a Song anali atalumikiza chopondera, ndipo mlembi wina, Qin Guan, anafotokoza makina amenewa cha m'ma 1090. Inu amene mumapalasa makina osokera mukudziwa phindu lake: phazi likugwira ntchito, manja onse awiri ali pa ulusi.

Ndipo manjawo anali ndi chochita. Mzere wa chikwa si wofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, umanka nuwonda ukamayandikira mkati. Chikwa china chimatha, china chimaduka. Mayi akangopitiriza kupalasa osaona, ulusi uyamba wonenepa, utha wowonda, ndipo woomba nsalu adzazindikira msanga chifukwa uzidukaduka pa choombera, nsalu n'kutuluka yamizeremizere. Luso lonse linali kuyang'anitsitsa zikwa zimene zikuvina m'madzi, kusakaniza zatsopano ndi zotsala pang'ono kutha, ndi kuponyera nsonga yatsopano ndi chala pa ulusi ukuthamanga, osaimitsa gudumu. Izi sankaphunzira tsiku limodzi. Mtsikana ankayamba ndi kusonkhezera moto ndi kuthira zikwa, n'kumaonera amayi ake kwa zaka. Mitengo ya silika pamsika inkasiyana kwambiri chifukwa cha chala chimenechi, ndipo zala zake zinkakhala zosupuka ndi madzi otentha nyengo yonseyo.

Panali njira ziwiri zomasulira ulusi. Ina mphika unkakhala pamoto penipeni, ntchito inkafulumira koma ulusi unkatuluka wokhakhala. Ina ankaphika zikwa mumphika, n'kuzisamutsira m'beseni la madzi ofunda chabe, n'kumasula pang'onopang'ono. Iyi ndiyo inkapereka ulusi wosalala ndi wolimba. Pansi pa chimango ankaika mbaula ya makala opanda utsi kuti ulusi uume usanakulungike. Song Yingxing, m'buku lake la 1637 lofotokoza ntchito zamanja, anati chinsinsi cha silika wabwino wa kumadera a Huzhou chinali kuumitsa kawiri: moto wa makala pansi pa timitolo pamene mbozi ikulavula ulusi, ndi motonso pamene ulusi ukutuluka m'madzi. Madzi nawo ankasankha. Mudzi wa Jili, pafupi ndi tawuni ya Nanxun, unatchuka chifukwa cha madzi ake oyera, ndipo dzina la mudziwo linasanduka dzina la silika wapamwamba mpaka kumisika ya ku Ulaya.

Palibe chinkatayidwa. Tizilombo totsala mumphika ankakazinga n'kudya, kapena kudyetsa nsomba ndi ziweto. Zikwa zokanidwa zija ankaziphika mpaka zitafewa, n'kuzitambasula ndi manja kukhala ubweya woika mkati mwa majekete ndi zofunda za nyengo yozizira. Zina ankazipota, ndipo apa pokha m'pamene silika ankapotedwa monga thonje, n'kupereka nsalu yokhakhala yovala pakhomo.

Ulusi wochoka pachimango umakhala wouma gwa, wosawala kwenikweni, chifukwa ulimbo ukadalipo. Ankaukulunganso pa timitengo, wina n'kuupiringiza kuti ulimbe ngati ukhale wa m'litali mwa nsalu. Kufewa ndi kunyezimira kumene inu mumakudziwa kumabwera ulimbo ukachotsedwa, mwina ulusi usanalukidwe, mwina nsalu itatha. Ankauphika m'chidulo cha phulusa la mapesi, ena n'kuwonjezera kapamba wa nkhumba wosinja, amene amasungunula ulimbo osawononga ulusi. Kuti muone pamene luso limeneli linafika: m'manda a mayi wina wolemekezeka, Xin Zhui, amene anafukulidwa ku Mawangdui mumzinda wa Changsha mu 1972, anapezamo mkanjo wa manja aatali wolemera magalamu 49 okha. Unalukidwa zaka zoposa 2,100 zapitazo. Ndingonena modutsa, Mayi, kuti nsalu zambiri zonyezimira za madiresi a ukwati zimene timazitchula silika m'masitolo ndi poliyesita. Tenthani kaulusi kamodzi: silika weniweni amanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusiya phulusa lofumbutuka, poliyesita amasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba.

Nanga chifukwa chiyani amayi? Atchaina eni ake ankayankha ndi nthano. Amati Leizu, mkazi wa mfumu yakalekale Huangdi, anali pansi pa mtengo wa mabulosi pamene chikwa chinagwera m'madzi ake otentha, ndipo pochivuula anaona ulusi ukumasuka. Ndi nthano, koma ukale wa ntchitoyi si nthano. Mu 1926 katswiri wofukula zakale Li Ji anapeza chikwa chodulidwa pakati m'mudzi wa Xiyin ku Shanxi, ndipo ku Qianshanyang, pafupi ndi Huzhou, akatswiri ena anapeza zidutswa za silika za zaka pafupifupi 4,000 kapena kuposa. Panalinso mawu amene aliyense ankawadziwa, oti mwamuna alime, mkazi aluke. Boma linkawatenga ngati maziko a dziko. Chaka chilichonse mfumu inkagwira khasu la ng'ombe n'kulima mizere ingapo pamaso pa nduna zake, ndipo mkazi wa mfumu ankapereka nsembe kwa mzimu wa mbozi n'kuthyola masamba a mabulosi ndi dzanja lake. Guwa la mwambo umenewu limene mfumu Qianlong inamangitsa mu 1742 likadalipo ku paki ya Beihai, mumzinda wa Beijing.

Ine ndimaona kuti ulemu wonsewu unali ndi chifukwa chake cholimba, chomwe ndi msonkho. Kwa zaka mazana ambiri boma la China linkatolera msonkho wa mbewu ndi wa nsalu. Kumayambiriro kwa ufumu wa Tang, m'zaka za m'ma 600, mwamuna wamkulu aliyense ankayenera kupereka mbewu, kugwira thangata masiku 20, ndi kupereka nsalu ya silika ya mamita pafupifupi sikisi pamodzi ndi ubweya wa silika pang'ono. Kumadera kopanda mabulosi ankapereka nsalu ya chingwe cha hemp, chomera chimene khungwa lake limapereka luzi. Taonani bwino apa: dzina lolembedwa m'kaundula linali la mwamuna, koma nsaluyo inkachokera m'manja mwa mkazi wake. Mpukutu wa silika, wa mamita pafupifupi 12, unkagwira ntchito ngati ndalama. Boma linkalipira nawo asilikali a kumalire ndi kugulira akavalo. Pa pangano la Chanyuan la mu 1005, mafumu a Song anavomera kupereka kwa mafumu a Liao, adani awo a kumpoto, mipukutu 200,000 ya silika chaka chilichonse, pamwamba pa siliva, kuti kukhale mtendere. Mtendere umenewo unkalipiridwa ndi amayi okhala pambali pa miphika. Ngakhale zithunzi za mtundu umene munaonawo zambiri zinachokera ku boma: mkulu wina wa boma, Lou Shu, anajambula ndandanda wa zithunzi za kulima ndi kuluka cha m'ma 1145, ndipo mfumu Kangxi inalamula kuti zijambulidwenso mu 1696. N'chifukwa chake amayi a pazithunzizo amaoneka aukhondo ndi osatopa.

Funso lanu lomaliza yankho lake ndi lakuti kawirikawiri ayi. Ulusi wabwino unkapita ku msonkho, kwa wamalonda, kapena kwa wokongoza ndalama, chifukwa mabanja ambiri ankakongola kuti agule masamba owonjezera pa sabata ija ya kudya kwambiri. Mlimi ankavala hemp, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1300 thonje litafala, ankavala thonje. Chodabwitsa n'chakuti mu 1381 mfumu Hongwu inalamula kuti alimi aziloledwa kuvala silika wapamwamba koma amalonda ayi. Lamulo linapatsa mlimi ufulu umene thumba lake silikanakwanitsa, ndipo amalonda olemera sanachedwe kulinyalanyaza. Chimene mayi ankasungako ndi cha ukwati wa mwana wake wamkazi, ndi ubweya uja wa m'majekete.

Komanso si nthawi zonse pamene ntchito yonse inali ya amayi. M'nthawi ya mafumu a Ming, makamaka msonkho utasinthidwa kuti uziperekedwa ndi siliva cha m'ma 1580, kuomba nsalu zapamwamba kunali kutasamukira m'mizinda monga Suzhou, Hangzhou ndi Nanjing. Kumeneko pa zoombera zikuluzikulu za maluwa pankakhala amuna olembedwa ntchito, wina pansi, wina atakwera pamwamba kukoka zingwe za maluwawo. Mbali ya ntchito yokhala ndi dzina ndi malipiro abwino inapita kwa amuna, ndipo amayi akumudzi anatsala ndi kulera mbozi ndi kumasula ulusi, n'kumagulitsa kwa amalonda oyendayenda.

Kusintha kwakukulu kunadza kumapeto kwa nthawi ya mafumu. Matenda a mbozi atasakaza ulimi wa silika ku France ndi ku Italy m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, azungu anathamangira silika wa ku China, koma makina awo oombera ankafuna ulusi wofanana ndendende. Cha m'ma 1873 wamalonda wina, Chen Qiyuan, anatsegula fakitale yomasulira ulusi pogwiritsa ntchito nthunzi ku Nanhai, m'chigawo cha Guangdong, n'kulemba atsikana mazanamazana. Oomba nsalu a pamanja anakwiya poona zikwa zikuthera kumafakitale, ndipo mu 1881 kunabuka chipolowe mpaka boma la m'deralo linatseka mafakitalewo kwa kanthawi. Sanatsekeke mpaka kale. Anachuluka ku Shunde, m'chigawo chomwecho, ndi ku Shanghai, ndipo mkati mwake ntchito yoponyera nsonga yatsopano pa ulusi inkachitikabe ndi chala cha mkazi. Chatsopano chinali chakuti malipiro ankalandira yekha m'manja. Ku Shunde atsikana ambiri a m'mafakitalewa anatsata mwambo wodzimanga okha tsitsi monga amamangira mkazi wokwatiwa, n'kulumbira pamaso pa anzawo kuti sadzakwatiwa. Ankakhala m'nyumba zawozawo za akazi okhaokha, kuthandiza makolo ndi ndalama za silika, ndipo mwambowu unapitirira ngakhale ufumu utatha mu 1912.